Sitima ya Mailo

M'Chinyanja cha ku Lusaka, liwu lakuti mailo limatanthauza dzulo, limatanthauzanso mawa. Tinalitenga kwa Abemba, ndipo masiku ambiri silivutitsa munthu, chifukwa mawu oyandikana nalo ndiwo amakuuza ngati chinthu chachitika kale kapena chikubwera. Tsiku lina mawu oyandikanawo anasowa. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo panangotsala pang'ono kuti agogo anga aamuna asadzaonanenso ndi mlongo wawo, chifukwa cha liwu limeneli ndi pakamwa panga.

Tinkakhala kumapeto kwa Chaisa, mizere itatu ya nyumba kuchokera panjanji. Pamenepo panali kasiteshoni kamene tonse tinkangokatchula kuti Pamphambano, chifukwa ndi pamene njanji ya ku Matero ndi ku George inkapatukira kuchoka pa njanji yaikulu. Yaikuluyo inkachokera ku Livingstone, n'kudutsa m'tauni, n'kumapita kumigodi. Siteshoni yathuyo inalibe zambiri. Panali nsanja yadothi yotchingidwa ndi mitanda yakale ya njanji, kanyumba ka matikiti ka zenera limodzi, benchi yachitsulo imene inkawotcha masana, ndi mpopi umene sindinauonepo ukutulutsa madzi. Chakumapeto kunali kanyumba kosanja, ka masitepe khumi ndi awiri, ka munthu wosintha njanji. Fungo la pamalopo ndimalimvabe: dizilo, girisi wakuda wa pazitsulo, ndi mtedza umene amayi anga ankakazinga pambaula n'kumagulitsa kwa okwera sitima.

Sitima zinali za mitundu itatu. Za katundu zinkadutsa nthawi iliyonse, zazitali, osaima, zikugwedeza makapu m'kabati mwathu. Ya anthu a ulendo wautali, yochokera ku Livingstone, inkadutsa kawiri pa sabata m'nyengo imeneyo, Lachiwiri ndi Lachisanu. Nayonso sinkaima pathu. Inkatsitsa anthu kusiteshoni yaikulu m'tauni, ife n'kumangoikwezera manja ikamadutsa. Yathu inali yachitatu, ya mabogi anayi, imene inkatenga anthu ku George ndi ku Matero, n'kuima Pamphambano, n'kulowa m'tauni mpaka ku Chilenje. M'mawa ndi madzulo inkayenda kangapo, itadzaza mpaka anyamata kulendewera m'makomo. Masana inkapuma. Yomaliza ya m'mawa inkafika pathu cha m'ma teni koloko, ndipo ukaiphonya imeneyo unkadikira mpaka dzuwa litapendeka.

Lamulo la pamphambano linali limodzi: ya panjanji yaing'ono imadikira ya panjanji yaikulu. Sitima yathu inkatha kuima mphindi khumi, anthu ochedwa kuntchito ali m'kati, kudikira ngolo za malasha kuti zidutse. Onse ankatukwana munthu mmodzi, ba Mulenga, amene ankakoka zitsulo zosinthira njanji m'kanyumba kosanja kaja. Anali Mbemba wamtali, wa mawu aakulu, ndipo matukwanowo ankawalandira ngati moni. M'kanyumbamo munali lamya yakuda yolumikizana ndi masiteshoni ena, belu, ndi mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira. Sitima yathu sinkanyamuka iwo asanaonetse yobiriwirayo.

Agogo anga, a Zefaniya Mbewe, anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo sanabwererenso. Anali mmodzi wa aja amatchedwa matchona. Anagwira ntchito yokonza njanji mpaka tsiku limene chitsulo chinawagwera paphazi lamanzere, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono. Ntchito anasiya, koma njanji sanaisiye. Ndandanda ya sitima zonse inali m'mutu mwawo. Sitima ikalira ankayang'ana wotchi n'kupukusa mutu. Pafupifupi m'mawa uliwonse ankapita kukakhala pabenchi ija kuti akanyozane ndi ba Mulenga. Abemba ndi anthu akum'mawa ali pachimbuya, ndiye kuti amatukwanana popanda mlandu. Ba Mulenga ankawatchula kuti ba Mbeba, kutanthauza mbewa, n'kumawafunsa ngati lero adya kale abale awo. Agogo ankabweza kuti munthu wodya nyani sangaphunzitse mnzake za ndiwo. Koma nkhani imene ankaikonda kwambiri inali ya mailo. Ankati mtundu umene sutha kusiyanitsa dzulo ndi mawa suyenera kupatsidwa sitima, ndipo n'chifukwa chake yathu inkachedwa.

Chilankhulo chinali ndi malire ake, ndipo malirewo anali pakhomo la nyumba yathu. Kunja ndinkalankhula ngati mwana aliyense wa m'komboni. Ndikamalowa ndinkavula mawu akunja monga mmene munthu amavulira nsapato zamatope. Ndikanena kuti vinthu, agogo ankakhala ngati sanamve mpaka nditanena kuti zinthu. Mailo ndiye sankaloledwa n'komwe. Anzanga ankanditchula Tere, koma agogo ankandiitana ndi mfunda, dzina la mtundu limene mkazi aliyense wobadwa kwa a Mbewe amakhala nalo: Nambewe. Ndipo ndinkayenera kuyankha kuti wawa, osati kungoti ee. Anzanga ankandiseka nazo kwambiri.

Za mlongo wa agogo ndinkadziwa zochepa. Anatsala kumudzi ali mtsikana. Kenako anakwatiwa ndi mwamuna wokumba malasha ku Wange, m'dziko la Zimbabwe. Makalata awo anasiya kubwera ine ndisanabadwe, ndipo yomaliza agogo ankaisunga m'Baibulo, itang'ambika kale m'mapindiro.

Linali Lachitatu, pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala. Agogo sanapite pabenchi chifukwa phazi linkawawa ndi kuzizira. Abambo anali kuntchito, ndipo amayi anali atakwera sitima yoyamba kukagula mtedza kumsika waukulu m'tauni. Ine ndinali pansi pa kanyumba ka ba Mulenga, ndikusankha miyala yosewerera chiyato. Miyala ya m'njanji ndiyo inali yabwino, koma unkafunika kufufuza yaing'ono yosacheka m'manja. Ndinamva lamya ikulira m'mwambamo, kenako mawu a ba Mulenga akuvomera. Nthawi yomweyo belu linalira, kusonyeza kuti ya katundu ili pafupi. Ba Mulenga anasuzumira pazenera, dzanja limodzi lili pachitsulo, nandiona.

"Iwe Tere, kauze ba Mbeba! Ba sisita bao ba ku Wange. Sitima ya ku Livingstone, ya mailo. Ku steshoni ikulu!"

Mutu unabwerera m'kati. Ya katundu inafika ndi phokoso lake, ndipo panalibenso kufunsa. Mawu amenewo ndawabwereza m'mutu kambirimbiri kuyambira tsikulo. Munalibe liwu lakuti anabwera, munalibenso lakuti adzabwera. Munali munthu, sitima, malo, ndi mailo.

Ndinathamanga. Pakati pa njanji ndi nyumba zathu panali ngalande, ndipo ndikukumbukira kuti ndinaima pathabwa lowolokera kuti ndikonze uthengawo usanalowe m'nyumba. Ba Mbeba ndinachotsa. Ba sisita anasanduka alongo anu. Nditafika pa mailo sindinaganize nthawi yaitali. Kwa mwana, nkhani yabwino ndi imene ikubwera. Komanso ndinaona kuti munthu akanafika dzulo bwenzi ali kale pakhomo pathu. Ndinalowa, n'kugwada monga ankafunira, n'kunena m'Chichewa chimene ndinanyadira nacho kuti alongo awo a ku Wange abwera mawa pa sitima ya ku Livingstone, tikawachingamire kusiteshoni yaikulu.

Agogo anaika kapu ya tiyi pansi mosamala kwambiri, nandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako anayamba kulamula. Ndinatulutsa suti yawo yakuda m'sutikesi n'kuiyanika pachingwe kuti fungo la mankhwala a njenjete lichoke. Ndinathamangitsa tambala wa amayi kuzungulira chimbudzi kawiri, mpaka ndinamugwira n'kumumanga mwendo. Ndinakagula lezala pakantemba, kagolosale ka m'komboni. Iwo anakhala pampando panja, kalilole wosweka atamutsamiritsa pakhoma, nayamba kumeta ndevu ngakhale kuti ulendo unali wa mawa. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Sindinawaonepo atasangalala chotero, ndipo ndinkaona ngati chimwemwecho ndachipanga ndine.

Anali atameta tsaya lamanja lokha pamene dzanja linaima m'malere. Milomo inkayenda. Ndinadziwa kuti akuwerenga masiku, chifukwa ankatero akamafuna kutsutsa ba Mulenga. Anandifunsa kuti lero ndi lachingati. Ndinati Lachitatu. Anati ya ku Livingstone imadutsa Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo Lachinayi kulibe sitima ya anthu yochokera kumwera. Kenako anatembenuka, thovu la sopo lili kutsaya.

"Nambewe."

"Wawa."

"Usandikonzere. Wodya nyani uja ananena liwu lanji?"

"Anati mailo, agogo."

Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mkwapulo. Analankhula ngati akudziuza okha. Ngati mlongo wawo anafika dzulo, ndiye kuti wagona pabenchi kusiteshoni. Munthu wa ku Wange sabwera ku Lusaka kudzangocheza. Akudutsa, akupita kumudzi, ndipo mabasi a ku Chipata ali pafupi ndi siteshoniyo. Akaona kuti palibe wabwera, akwera. Akafika ku Dedza akanena kuti Zefaniya anamwalira, kapena kuti alipo koma anakana mlongo wake. Anayang'ana wotchi. Nthawi yomweyo, kumbali ya ku Matero, sitima ya teni koloko inalira.

Maminibasi analipo, koma msewu wake unali kutsidya lina la komboni, ulendo wa theka la ola pa phazi la agogo, ndipo ankanyamuka pokhapokha atadzaza. Sitima yokha ndiyo ikanatifikitsa msanga pakhomo penipeni pa siteshoni yaikulu. Anapukuta sopo ndi dzanja, navala jekete la suti lija pamwamba pa malaya akale, natenga chipewa ndi ndodo. Anandiuza kuti nditsogole, ndikauze ba Mulenga.

Nditafika ndinapeza sitima itaima kale, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakondwa kuona mbendera yofiira. Panjanji yaikulu pankadutsa ya katundu ina, ya ngolo za chimanga. Ndinakwera masitepe khumi ndi awiri aja, amene ana sitinkaloledwa kukwera, n'kufotokoza ndikulira. Ba Mulenga anagwira pakamwa. Anati amene anaimba lamya anali mnzawo wa kusiteshoni yaikulu. Gogo wina anatsika dzulo ndi bokosi lachitsulo, wakhala akuonetsa aliyense envelopu yakale yolembedwa kuti Mbewe, Pamphambano, ndipo wanena kuti dzuwa likafika pamutu akakwera basi. Zonsezi akanandiuza, anatero, koma ya katundu inawasokoneza.

Ndinawerenga ngolo za chimangazo pazenera, ndikupempha mumtima kuti zisathe. Zinathera pa makumi atatu ndi ziwiri. Agogo anali asanafike n'komwe pangalande. Ba Mulenga anakoka chitsulo, njanji inasuntha, njira ya m'tauni inatseguka. Kenako anayamba kufunafuna mbendera yobiriwira. Anayang'ana pansi pa tebulo. Anatsegula kabati. Anatsika masitepe onse, nasuzumira kuseri kwa mpopi, nakweranso. Woyendetsa sitima analiza hutala kawiri. Anthu anatulutsa mitu m'mazenera, ndipo mayi wina anawafunsa ngati mbenderayo anasinthanitsa ndi mowa. Ba Mulenga ankangopapasa m'matumba, nkhope ili yodandaula kwambiri. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndipo mbenderayo ndinkaiona bwinobwino. Inali yopindidwa, yosomekedwa palamba wa buluku lawo.

Agogo anafika akupumira m'mwamba. Anyamata awiri anawagwira manja n'kuwakokera m'bogi, ine pambuyo. Ba Mulenga anabwera pazenera.

"Ba Mbeba, nanga ndevu? Makoswe yakudyani mbali imozi?"

"Ndi liwu lanu lija landimeta chonchi."

"Mailo ni mailo, mudala. Endani mukatenge ba sisita."

Mbendera inapezeka pomwepo.

Kuchokera Pamphambano kukafika kusiteshoni yaikulu sunali ulendo wautali. Sitima inkadutsa kuseri kwa mafakitale, kumene makoma anali akuda ndi utsi, ndi m'mbali mwa timinda ta repu tothiriridwa ndi madzi a m'ngalande. M'bogi mwathu munali mlaliki amene ankayenda ndi sitimayo tsiku lililonse, ndi mtsikana wogulitsa mazira owiritsa. Wina anawapatsa malo agogo. Anakhala chipewa chili pamaondo, anthu akuyang'ana mozemba tsaya losalala ndi linzake la imvi. Ine ndinaima pakati pa miyendo yawo, maso ali kunja pa mithunzi ya mitengo ya magetsi. Mithunziyo inkafupika.

M'chipinda chodikirira munali mabenchi aatali ndi fungo la mankhwala okolopera. Munali amuna awiri ogona ndi mayi woyamwitsa. Gogo wa bokosi lachitsulo munalibe. Mayi wosesa anatiuza kuti akumudziwa, anamwa naye tiyi m'mawa, ndipo wachoka posachedwa, munthu wa wilibala atamunyamulira bokosi. Anati gogoyo sanadandaule. Anangoti mlongo wake akanakhala moyo akanabwera, chifukwa munthu wa njanji sachedwa. Agogo anathokoza mayiyo mwaulemu wonse, ngati wawauza nkhani yabwino, ndipo tinatuluka.

Kumabasi kunali piringupiringu. A ku Chipata anali atatu, onse injini zikulira, chifukwa oyendetsa ankachita dala kuti anthu aziganiza kuti basi ikunyamuka. Oitanira anatizungulira, wina mpaka kugwira ndodo ya agogo. Apa ndi pamene ndinazindikira vuto lina: sitinkadziwa nkhope imene tikufuna. Agogo anasiya kumudzi mtsikana wongondiposa ine pang'ono. M'mabasimo munali agogo aakazi ambiri, onse a mipango kumutu, onse otopa. Ndinayenda m'mbali mwa basi yoyamba ndikufuula kuti ba gogo ba ku Wange, ba gogo ba ku Wange. Palibe anatembenuka. Basi yachiwiri inali itadzaza, katundu atamangidwa kale pamwamba, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

Agogo anaima pakati pa mabasi awiriwo. Anavula chipewa. Sanafuule kwambiri. Anaitana monga mmene ankaitanira pakhomo pathu akafuna madzi akumwa.

"Nambewe!"

"Wawa," ndinayankha mwachizolowezi.

Koma sindinayankhe ndekha. Liwu lina, lokalamba, linatuluka pazenera lakumbuyo la basi yachiwiri nthawi imodzimodzi ndi langa. Wawa. Mu Lusaka monse munalibe munthu wina amene akanaitana gogo wa ku Wange chotero, ndipo pakamwa pawo panayankha mutu usanaganize.

Pazenerapo panatuluka nkhope yaing'ono, ya mphuno ngati ya agogo. Anayang'anana nthawi yaitali. Ine ndinkayembekezera kulira kwa mtundu umene ndinkauona pamaliro. M'malo mwake gogoyo anapendeketsa mutu, nayang'ana tsaya ili ndi ilo.

"A Mbewe, ndi mmene amametera kuno?"

"Tsikani, Nambewe. Kunyumba tambala tamumanga kale."

Kondakitala anang'ung'udza za kumasula zingwe, koma anthu a m'basimo, amene anali atamva zonse, anamukalipira mpaka bokosi linatsika. Basi inanyamuka ife tisanachoke pamalopo. Ndinaiona ikutuluka pachipata, pampando paja patakhala kale munthu wina.

Sitima yobwerera inali ya madzulo, choncho tinakhala maola angapo pabenchi yomwe gogoyo anagonapo ija. Pamenepo ndi pamene panachitikira malonje, mlendo kufotokoza za ulendo wake ndi za kumene wachokera. Amuna awo anali atamwalira. Ana anakhazikika ku Bulawayo. Iwo ankafuna kukathera kwawo. Kenako anayamba kutchula anthu a kumudzi amene anamva kuti anatisiya, mmodzimmodzi, ndipo pa dzina lililonse agogo ankawomba m'manja kamodzi, mofatsa. Apa ndi pamene misozi inabwera, kutsaya lometa ndi losameta lomwe. Ine anandipatsa dzira lowiritsa n'kundiuza kuti ndiziyang'anira bokosi.

Titatsika Pamphambano, ba Mulenga anasiya zitsulo zawo, nabwera kudzapereka moni kwa mlendo, kapusi ili m'manja. Atatha anatembenukira kwa agogo.

"Mwaona, mudala? Mailo munalibe ba sisita. Mailo muzauka nabo. Manje chavuta ni chani?"

Agogo anangoloza mlendo njira ya kunyumba ndi ndodo yawo. Aka kanali koyamba kuwaona akugonja kwa ba Mulenga.

Chilango ndinachiyembekezera masiku awiri, koma sichinabwere. Tsiku lachitatu, tikumwa tiyi, agogo anandiuza kuti munthu ukatumidwa uzibweretsa mawu monga wawalandirira. Ngati ali ndi matope, tidzatsukira limodzi kunyumba. Sanavomere kuti lamulo lawo lomwe ndilo linandichititsa kutsukira panjira. Koma kuyambira pamenepo mailo ankaloledwa kulowa m'nyumba, malinga wina afunse kuti mailo ake ati. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito yonyamula mawu a anthu ena, ndipo sindinapatsidwepo langizo loposa limenelo.

Agogo aakazi anakhala nafe masabata atatu. M'mawa ankapita pabenchi ndi mlongo wawo, ndipo pofika sabata yachiwiri anali ataphunzira kale kunyoza ba Mulenga popanda wowathandiza. Pochoka anapempha agogo kuti apitire limodzi. Iwo anati adzabwera phazi likachira. Silinachire. Koma kalata inabwera kuchokera ku Dedza, yonena kuti mudzi wonse wamva kuti Zefaniya ali moyo, ndipo ali ndi mdzukulu wodziwa kuyankha mfunda. Imeneyonso inalowa m'Baibulo. Agogo anaikidwa m'manda kuno ku Lusaka.

Sitima ya m'tauni inasiya kuyenda ine ndisanamalize sekondale. Anthu anatembenukira ku maminibasi, ndipo amayi anasamutsira mbaula yawo kumsewu. Mwezi watha ndinapita Pamphambano. Njanji yaikulu ikadalipo, ndipo ya katundu imadutsabe mwa apo ndi apo, ogulitsa n'kukoka matebulo awo pang'ono kuti idutse. Njanji ya ku George ili pansi pa msika. Umaiona pokhapokha pamene zitsulo zatulukira pakati pa tebulo la tomato ndi matumba a makala. Kanyumba ka matikiti tsopano ndi kometeramo tsitsi. Kosanja kaja kalibe denga, ndipo masitepe atsala asanu ndi awiri. Mpopi ulipo, ndipo sutulutsabe madzi. Masiku ano uthenga ngati uja ukanafika pafoni ya m'thumba, mwini wake n'kuumva yekha, popanda mwana woukonza pathabwa la ngalande. Komabe ana anga amandilembera kuti mailo, ine n'kumawabwezera funso la agogo.

Pamatebulo ena ndinaona zizindikiro za utoto wofiira. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza kuti kunabwera anthu oyeza ndi zingwe, nawauza kuti asamuke mvula isanayambe chifukwa njanjiyo ikonzedwa. Anati zotere anazimvapo kale, koma ulendo uno ena ayamba kuzula matebulo awo. Ndinamufunsa kuti nanga sitimayo ndi ya liti.

"Ya mailo," anatero, osadzutsa mutu pa tomato wake.